Dzina la Pamwamba pa Foni ya Lufina

Panali munthu wina ku Tsangano, dzina lake Dyton, mlimi wa kachewere, wansanje ngati tambala. Mkazi wake Lufina anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri.

Kalabu yawo ya alimi inali ndi pulogalamu ya pafoni yofufuzira ogula mbatata. Ukalemba "kachewere", mayina a mavenda ankatuluka mumndandanda. Alangizi ananena poyera, Dyton ali pomwepo, kuti mayinawo amasakanizidwa dala ulendo uliwonse, kuti pasakhale venda wokhalira kumchira. Kaya Dyton makutu anawasiya kunyumba, kaya.

Tsiku lina Lufina ali kudimba, mkuluyu anatola foni ya mkazi wake n'kufufuza. Pamwamba penipeni panatuluka Geoffrey, venda amene anafunsirapo Lufina asanakwatiwe.

Lufina atangotula khasu, Dyton anamuloza ndi foniyo. "Foni sinama. Imaika patsogolo amene umacheza naye kwambiri. Mimbayi ndi ya ndani?"

"Bambo, tafufuzaninso muone. Dzinalo lisintha."

"Iwe undiphunzitse foni ine?"

Sanafufuzenso ayi. Anamumenya ndi mpini, n'kumuponyera zovala panja mvula ikugwa. Abale inu, munthu woyembekezera kukwera phiri wapansi mpaka kwawo! Anafika magazi ali chuchuchu. Kuchipatala anapulumutsa mayi yekha.

Patatha masabata atatu ankhoswe anakumana. Dyton anabwera monyada, akuti umboni uli m'thumba. A Silvester, malume ake a Lufina, anati, "Tionetseni umboniwo."

Dyton anatulutsa foni ija n'kulemba "kachewere". Pamwamba panatuluka venda wina, Edson.

"Bwerezani."

Panatuluka Nathan.

"Bwerezaninso, akamwini."

Panatuluka Eliness, mlongo wake wa Dyton bere limodzi, wopikula mbatata pa Manjawira. Geoffrey anali kumunsi kwenikweni.

Thukuta kamukamu. Dyton anagwa ndi mawondo. "Mayi, ndikhululukireni, Satana anandinyenga."

Lufina sanalire. Anangoti, "Ndiye mimba ija inali ya alongo anu? Ine ndinakupemphani kudina kamodzi kokha. Azimayi amene anakaika mwana uja m'manda akuti anali wamwamuna, nkhope yanu yeniyeni."

Ukwati unathera pamkeka pomwepo.

Phunziro: Chotuluka poyamba pafoni si umboni, nthawi zina ndi maere chabe. Bwerezani, funsani odziwa, musanakweze dzanja pa munthu. Tumizirani ena uthengawu, makamaka abambo ansanje amene muli nawo m'magulu anuwo.