Botolo la Mafuta

A Mbewe, mwini golosale ya pa Boma, anaika botolo la mafuta ophikira pakhonde, pafupi ndi mkono wa Tamandani umene unali mu pulasitala.

"Mayi, nkhaniyi tithane pachibale," anatero motsitsa mawu. "Mlonda wanga anangolakwitsa. Zakupolisi n'zotayitsa nthawi."

Tamandani analiyang'ana botololo. Linali la mtundu womwewo umene mlondayo ankakuwa dzana kuti wabisa m'chitenje, pomwe anamupotokola mkono mpaka fupa linalira, anthu akujambula ndi mafoni. Atamuvula chitenjecho, munagwa thewera la mwana basi.

Amalume ake, a Enoki, anasendera pafupi. "Landira, mwanawe," ananong'ona. "Awa ndi amene amatigula mtedza chaka ndi chaka. Ukawatengera kukhoti, tizikagulitsa kuti?"

Mkonowo unkagunda ngati uli ndi mtima wakewake. Kuseri kwa mpanda, azimayi a pamjigo anali atasiya kupopa madzi, makosi ali tolotolo. Tamandani anadziwa kuti akangolowa nalo m'nyumba botololi, mawa mudzi wonse udzati mafuta aja ali nawodi.

"Malume, njinga ija ili ndi mpweya?"

"Ukufuna kupita kuti?"

"Kupolisi. Ndikachoka kumeneko ndikaonane ndi maloya a boma othandiza osauka."

A Mbewe anaseka mouma, n'kukankhira botolo lija kumapazi kwa Tamandani. "Tengani, mayi. Ndi lanu ili."

Tamandani anadzuka pang'onopang'ono, atagwirizira mkono pachifuwa.

"Nyamulani, bambo. Dzana lomweli munandithyola mkono poti si langa."