Boonlert wa M'mabulaketi

Cholembera chofiira chinakhwatchanso dzina lomwelo. Thidarat anamva mutu ukuwira.

Aphunzitsi Theerapat anali atawerama pa pepala lake la kafukufuku, lonena za kaphikidwe ka mchere kumapiri a kwawo ku Nan. Ofesi ya mayeso inkatseka madzulo omwewo, ndipo popanda siginecha yawo mtsikanayu akanabwereza chaka. Chikhalirecho chaka chatha Thidarat anasintha dzina, amonke a kukachisi atamusankhira lina loti limubweretsere mwayi. Mwayi wake uti?

"Boonlert, Boonlert," anadandaula bambowo, akugogoda tebulo ndi chala chawo chachipsera. "Ndime iliyonse ikuthera m'mabulaketi a Boonlert. Ngakhale zoti madzi a m'chitsime cha kwanu ndi amchere, mpaka akuuze iyeyo?"

"Si inu nomwe munatiphunzitsa kuti mfundo iliyonse izikhala ndi mwini wake?"

"Mwini wake weniweni, mwana iwe. Uyu ndi mlendo wongodutsa."

Nsanje basi, palibe china. Ndani sadziwa mitima ya anthu ophunzira? Kabuku ka Boonlert kanali kokhako kamene kanatchulapo mudzi wa Thidarat, ndipo iye ankakadziwa pamtima. Mlembiyo sanatulutsenso china, nkhope yake sinkadziwika, komabe nkhalamba iyi, ndi mabuku ake odzaza shelefu, inkamuda ngati anaibera nkhuku.

"Tsamba ili akuti chiwaya amachiphula thovu likatha," anapitiriza aphunzitsiwo. "Mayi ako amatero?"

Mayi ake sankatero ayi. Ankamvera kulira kwa chiwaya. Koma mayi ake analibe chaka choika m'mabulaketi, ndiye Thidarat anangolemba za m'buku. Manyazi ndi mkwiyo zinamukwera, ulemu wonse n'kuthawa.

"Aphunzitsi, mundikhululukire, koma Boonlert anafika kwathu! Anagona m'khumbi lophikira mchere, mpaka anapsa chala pa chiwaya, zili m'bukumo. Inu munapondako?"

Bambowo anaika cholembera pansi. Anatukula chala chija n'kuchiyang'ana ngati cha munthu wina.

"Sabata imodzi yokha, ndipo theka lake ndinkalira ndi chalachi," anatero. "Dzina la Boonlert ndinalisiya kukachisi nditadwala, amonke anandipatsa lina, ili ndili naloli. Iwe unabadwira pa chiwayacho. Kalembe zimene mayi ako amachita, utchule iwowo, ubwere ndisaine ofesi isanatseke."