Diski ya Mayi Beryl

Brenton Hocking anabera apongozi ake, a Lindsay Trezise, m'nyengo yotentha ya chaka chatha. Umu ndi mmene nkhaniyi imadziwikira m'tauni ya Whyalla, ndipo anaiwanditsa ndi a Trezise eni ake.

Zinayamba Lamlungu lina, mkamwiniyo atafika ndi kompyuta komanso kabokosi kakuda kokwana m'thumba la jekete. Analunjika kushedi ya malata kuseri kwa nyumba, kumene mkuluyo ankaonera mafilimu pakhoma loyera chipumireni ntchito kufakitale ya zitsulo. Mashelefu anali odzaza ndi madiski mpaka kudenga.

"Onsewa alowa m'kabokosi aka, bambo," anatero Brenton. "Muzingodina batani muli khale, osati kudzukadzuka ndi bondo lanulo."

"Ndinakudandaulira za bondo langa ine?"

Brenton anangoseka, n'kulowetsa diski yoyamba. Makina anayamba kulira ngati udzudzu.

A Trezise sanabadwe dzulo. Ankadziwa kuti munthu akayamba kukukomera mtima, ndiye kuti waona kanthu. Anzawo awiri zinawayambira chonchi: ana kubwera kudzathandiza kulongedza, mapeto ake nyumba yagulitsidwa, mwini wake ali kosungira okalamba, akudyetsedwa ndi sipuni.

Lamlungu lililonse shelefu imodzi inkatsala yopanda kanthu. Diski ikatha kukopedwa inkalowa m'katoni, ndipo mkuluyo akamaodzera pampando masana, makatoniwo ankazimiririka.

"Ukupita nawo kuti madiski anga?"

"Ndikugulitsa, bambo. Ndikufuna boti lophera nsomba," anayankha Brenton osamwetulira n'komwe.

Narelle, mwana yekhayo wa a Trezise, anakwapula mwamuna wake ndi kansalu kopukutira mbale. "Siya kuwaseleula adadi, iwe!"

A Trezise sanaseke nawo. Wakuba wochenjera amanena zoona ngati nthabwala.

Kenako linabwera funso limene ankaliopa.

"Nanga ya amayi ija ili kuti, bambo? Yopanda chikuto ija. Imeneyo ndiyo yofunika changu, chifukwa..."

"Inatayika."

Pa diski imeneyo panali Beryl, mkazi wawo, akuyanika zovala, akuseka, akuwakalipira kuti achotse kamera pamaso pake. Anajambula okha, miyezi ingapo matenda asanamugwire. Mawu a Beryl sanatsale kwina kulikonse padziko lino. Nanga mkamwini ankaifuniranji? A Trezise anaona kuti akangoipereka, palibenso chimene chidzawasunge pakhomopo.

Galimoto ya ana itangochoka, anakwera pampando, bondo likuwawa, naisomeka diskiyo pakati pa mtanda ndi malata a denga. Pamenepo diso la mkamwini silikanafika.

Januwale anapsa. Mphepo ya kumpoto inkabwera ndi fumbi lofiira, malata akuthetheka masana onse ngati wina akuyenda padenga. Brenton anafunsanso za diskiyo. Anafunsanso sabata yotsatira, ulendo uno akuyang'ana m'makona a shedi. Narelle naye anayamba kufunsa, ndi mawu ofewa aja amene anamwino amalankhulira ndi odwala. A Trezise anamuyang'anitsitsa mwana wawoyo. Ndiye kuti ali limodzi.

Shelefu yomaliza itatha, anamudikirira mkamwiniyo pageti, ndodo ili m'manja, anansi akuthirira maluwa.

"Choka pano, wakuba iwe! Watha madiski, tsopano ukufuna mkazi wanga, mawa nyumba. Ukadzapondanso pano ndikuitanira apolisi."

"Bambo, taimani ndikuonetseni..."

"Bambo wako ndani? Choka!"

Brenton anayang'ana anansi aja, nayang'ana mkazi wake, n'kukalowa m'galimoto. Narelle anamutsatira akulira. Kabokosi kakuda anakasiya kushedi. Lachisanu, a Trezise anakafotokoza zonse kukalabu kumene madoda opuma ntchito amakamwera mowa, ndipo anthu anapukusa mitu, ena akuti mnyamatayo ankamukayikira kale pongoona maso ake.

Mu Malichi, pa tsiku lokumbukira imfa ya Beryl, a Trezise anakweranso pampando paja, natsitsa diski yawo. Inali yotentha ngati mbale yochokera pamoto, yopindika pang'ono, kunsi kwake kutachita mawanga. Anailowetsa m'makina. Makinawo anaizunguza, anaizunguza, n'kuilavula. Anaipukuta ndi malaya, nayesanso. Khoma linangoti mbee.

Anayang'ana khomalo mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anayenda pang'onopang'ono kulowa m'nyumba, nakatsegula chipinda chimene Beryl ankasokeramo, chimene sanalowemo chimwalirireni mkaziyo. Munali mozizira bwino, poti dzuwa silifikamo.

Makatoni onse anali mmenemo, osanjidwa mpaka pawindo, palibe diski yosowa ngakhale imodzi.

Kukalabu kuja, Brenton amamutchulabe wakuba.