Makatoni Pansi pa Matabwa

Panali bambo wina, dalaivala wa basi, amene mayi ake anali pafupi kutuluka m'chipatala atadwala sitiroko. Anaganiza zowakonzera chipinda kwake, ndipo poti simenti imazizira, anagula matabwa opyapyala oyala pansi, aja olumikizana okhaokha.

Asanayambe, mkazi wake anagoneka thabwa limodzi pasimentipo n'kulowetsa dzanja kunsi kwake.

"Bambo a mwana, taonani. Apa pali chigwa, apo pali chulu. Tiyambe tasalaza ndi simenti."

"Simenti iume liti? Amayi akubwera. Thabwa likagona, chigwa achione ndani?"

Anang'amba makatoni, n'kutsekera m'malo olowawo, n'kuyala matabwa ake. Chipinda chinawala ngati hotela. Mayi aja atafika anamwetulira, nati, "Mwana wanga, ndiponde ndi mapazi anga omwewa?"

Sipanapite nthawi, pansi panayamba kulira. Ukaponda, kwee! Makatoni aja anali ataphwatalala. Pafupi ndi khomo polumikizira panathyoka, thabwa limodzi n'kudzutsa mlomo.

"Ichi chipweteka munthu," anatero mkazi uja.

"Ndikonza ndikapuma," anayankha, n'kuponyapo kakapeti.

Tsiku lina m'mawa, ali padepoti akudikira kunyamuka, foni inalira. Anali mkazi wake.

"Bwerani msanga! Amayi agwa. Ndodo yawo yoyendera yakodwa pathabwa lija. Sakuyankha!"

Anasiya basi ili ndi anthu. Anawapeza mayi ake ali chigonere pakhomo, magazi ali pachipumi, mkazi wake atagwada akuwaitana. Njira yonse ya kuchipatala ankangowagwira dzanja.

Mayiwo anatsitsimuka masana, koma mkono wawo wosapuwala ndi sitiroko, umene ankagwirira ndodo, unali utathyoka.

"Pepani, amayi," anatero bamboyo misozi ili chuchuchu.

"Ndinkamva ndithu kuti pansi pakusuntha," anayankha mayiwo motsitsa mawu. "Koma unavutikira ine. Ndikanadandaula bwanji?"

Mawu amenewo anamulasa kuposa kukalipiridwa.

Atabwerera kunyumba anazula matabwa onse. Anapala zulu zija, anathira simenti yamadzimadzi yodzaza m'zigwa, ndipo ulendo uno anadikira kuti iumiretu. Anayendetsa levulo, chida choyezera ngati pansi pasalala mofanana, ngodya ndi ngodya, mkazi wake akuyang'ana. Kenako anayala kansalu kofewa kapansi, anataya matabwa othyoka, n'kulumikiza otsalawo bwinobwino, akusiya kampata m'mbali mwa khoma kuti matabwa akafufuma asakankhane.

Mayi aja atabwerako, pansi panali zii, posalala. Koma anaima pakhomo, osaponda.

"Ndakonza, amayi. Pondani."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma ndigwire."

Mpaka lero mayiwo sadutsa pakhomo limenelo popanda wowagwira.

Phunziro: Chokhota usachivundikire, chiwongole. Pansi anakonzanso, koma mantha a mayi ake alibe levulo, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Akakuchenjezani a m'nyumba mwanu, mverani. Tumizirani uthengawu aliyense amene amakonda kunena kuti "ndikonza ndikapuma."