Kadzidzi Padenga la Mayi Esteri

Panali mkulu wina ku Milonde, dzina lake Morris, amene ankajambula mbalame ndi nyama za m'phiri la Mulanje. Zinali zaka zija za makhadi a chipani, nkhondo ili mkati kutsidya ku Mozambique. Zithunzi zake ankagulitsa kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi, amene ankatulutsa kalendala chaka ndi chaka. Lamulo la mzunguyo linali limodzi: nyama ijambulidwe pamene yafika yokha, osati yochita kugwidwa.

Chaka china mzunguyo anafuna kadzidzi. Morris anazungulira nkhalango mpaka nsapato kung'ambika, koma sanaphule kanthu. Ndiye anagula kadzidzi wothyoka phiko kwa mlenje wina, n'kubwera naye m'thumba.

Nyumba yake inali yamalata, yosakoma pachithunzi. Koma ya mayi ake, a Esteri, inali yaudzu, phiri likuoneka bwino kumbuyo kwake. Mayiwa anali amasiye, ndipo tsikulo anali kothyola tiyi.

Marjory, mkazi wa Morris, ataona mwamunayo akukwera makwerero anati, "Abambo a Sungani, kadzidzi padenga la amayi? Masanasana? Mukudziwa bwino zimene anthu akuno anganene."

"Kalendala imapita ku Blantyre ndi ku Ulaya. Wakuno akaionera kuti? Ndisiye ndigwire ntchito."

Anamangirira mwendo wa mbalameyo ku udzu ndi kaulusi kosaoneka, anajambula, kenako n'kukaitaya kuthengo. Munthu wopita kusukulu, koma mutu wopanda nzeru.

Chaka chitatembenuka, kapitawo wina wa ku esiteti anapachika kalendala ija mugolosale yake pamsika wa Milonde. Aliyense anaizindikira nyumbayo: chitseko chobiriwira, mpapaya wopindika pambali. Mwezi womwewo mwana wa a Pilato, oyandikana nyumba ndi a Esteri, anamwalira ndi malungo.

Atachoka kumanda, a Pilato anathothola tsamba la kalendala lija n'kuyamba kulionetsa khomo ndi khomo. "Mbalame imeneyi ingatere masana panyumba ya munthu wamba? Ndi yoweta iyi. Mwana wanga wadyedwa."

Anthu anadzaza pakhomo pa a Esteri. Mayiwo anagwira mwana wawo Morris dzanja. "Mwanawe, anajambula ndiwe. Uwauze anthuwa. Ine mbalameyi sindinaionepo."

Marjory naye anamunong'oneza. "Nenani kuti munamanga nokha. Nenani pompano."

Koma Morris anaona kapitawo uja ataima m'gulumo. Anadziwa kuti akaulula, mawa lomwe nkhani ifika kwa mzungu, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndiye anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ine ndinangoipeza itatera. Yanga ndi kujambula basi."

Ine nkhani zoipa ndamva zambiri, koma iyi imandiwawitsa mtima. Mayi amene anamuphunzitsa sukulu ndi dengu la tiyi kumsana, iye anawagulitsa chifukwa cha kalendala.

Marjory anakuwa kuti ndi bodza, kuti iye anaona ndi maso ake, koma anthu anati akungoikira kumbuyo apongozi ake. Tsiku lomwelo nyumba ija inatenthedwa. A Esteri anathawa ndi chitenje cha m'thupi chokha. Anawoloka mtsinje wa m'malire kulowera kwa abale awo ku Mozambique, kumene anthu ena onse ankachokako pothawa nkhondo. Marjory anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Thuchila.

Patapita miyezi, manyazi anamukulira Morris. Anaulula zonse, koma nyumba inali itasanduka kale phulusa. Anayamba kuyendayenda m'misasa ya othawa nkhondo, kufunsa za mayi ake.

Bambo wina wolandira anthu pamsasa anamumvera chisoni. "Mwati ndinu wojambula? Ndiye zaphweka. Bweretsani chithunzi cha mayi anuwo, tizionetsa aliyense wowoloka."

Morris anathamangira kunyumba n'kukhuthula makatoni onse pansi. Munali anyani, agwape, njoka, mbalame zamitundumitundu, ngakhale maluwa a m'matanthwe. Chithunzi cha nkhope ya mayi ake munalibe ndi chimodzi chomwe. A Esteri sanapezekenso.

Phunziro: Bodza limene ukuti n'laling'ono pantchito pako likhoza kupsereza munthu wosalakwa. Ukalakwa ulule nthawi yomweyo, anthu asanayatse moto. Ndipo inu okonda kuloza amayi amasiye chala, muzifunsa kaye. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu.