Mbuzi za Eni

Achimwene anga a Ganizani anabwerako ku makina owongola akuba mwezi watha, koma abale inu, amene tikuvutika ndife. Anangoba mbuzi imodzi yokha. Ku boma anawaveka chipewa china chake chamawaya, ndiye pano akangoyandikira chinthu cha mwini, thupi lonse limauma gwa.

Pakhomo chilichonse timachita kuwauza kuti, "Ndakupatsani." Khasu, sopo, ngakhale supuni. Tsiku lina ndinaiwala, anangokhala ndi njala mbale ili pamaso pawo.

Dzulo amayi anawatuma kukalonda kudimba, poti tomato ameneyo ndiye tikumudalira chaka chino. Ine ndinachedwako pang'ono pamjigo, mnzanga Esinati amandiuza za mimba ya uje, nkhani yosati n'kuisiya pakati. Pofika ndinapeza mbuzi za a Nachisale zili m'katikati mwa tomato, achimwene ataima poteropo, manja kumbuyo.

"Achimwene, bwanji osazithamangitsa?"

"Ndi za eni, mlongo wanga, miyendo ikukana. Ndazipempha kuti zituluke koma sizikundimvera."

Amayi atafika anayang'ana ziputu zotsalazo, kenako n'kuyang'ana achimwenewo.

"Bola kale lija," anatero. "Bwenzi pano tikudya nyama."