Galasi Loyang'anira Kunsi kwa Basi

Vitus ankaikonda ntchito yake. Chivulireni yunifomu ya usilikali ku Malawi, ankayang'anira chitetezo panyumba ya alendo ku Athi River m'dziko la Kenya, pomwe asilikali a pamadzi ankagona popita kunyanja yamchere ku Mombasa. Poopa zigawenga, galimoto iliyonse ankayamba waisuzumira kunsi ndi galasi la pandodo, ngakhale ikhale ya bwana.

Tsiku lina kutangoda, basi ya asilikaliwo inaima pageti. Vitus analowetsa galasi lake kunsi akuimba mluzu. Bomba kunalibe. Koma mbali ina ya basiyo anaonako mapazi awiri opanda nsapato, akuchucha madzi.

Atazungulira sanapeze munthu. Fumbi lokha ndilo linali lonyowa, likununkha madzi amchere.

"Mwachokera kunyanja kodi?" Vitus anamufunsa dalaivala.

"Ayi bambo, ku bwalo la ndege. Kunyanja ndi mawa."

Vitus anawerenga okwera, ndipo anakwana khumi ndi awiri monga zinalembedwera papepala la mayina awo. Mtima unakhala pansi. Anatsegula geti, basi inalowa, anyamatawo n'kumatsika akuseka.

Pokakoleka galasi lija, anayang'anamonso. Mapazi aja anali m'kati mwa mpanda, akutsatira msilikali womaliza pamzere.